Ojambula a ku Mangochi aphunzirepo kanthu pa Jan Wiegers

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za mmisiri wina wojambula zithunzi ndi utoto wa ku Netherlands, Jan Wiegers, amene dzina lake silimveka kuno kwathu, koma amene mbiri yake yakhala ikundizungulira m'mutu chibwerereni ku Chembe mwezi watha. Ndinaphunzitsa ana zaluso ku pulayimale kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale ndinapuma ntchito, sindinasiye kuyang'anitsitsa zimene anyamata athu amajambula m'mbali mwa nyanja.

Wiegers anabadwa mu 1893 m'mudzi wa Kommerzijl, m'chigawo cha Groningen kumpoto kwa dzikolo, dera lathyathyathya la minda ndi ngalande za madzi, kutali ndi Amsterdam kumene kunali ogula zithunzi. Mu 1918 iye ndi anzake, kuphatikizapo Jan Altink ndi Johan Dijkstra, anayambitsa gulu lotchedwa De Ploeg chifukwa ojambula achinyamata a kumeneko ankasowa poonetsera ntchito zawo. M'chinenero chawo mawu akuti ploeg amatanthauza pulawo, komanso gulu la anthu ogwira ntchito limodzi. Iwo ankaona kuti pa nkhani ya zaluso kwawo kunali tsala lofunika kugaula.

Mu 1920 Wiegers anadwala matenda a m'mapapo ndipo anapita kukachira ku Davos, m'mapiri a ku Switzerland. Kumeneko anakumana ndi Ernst Ludwig Kirchner, wojambula wa ku Germany amene anali mmodzi wa oyambitsa gulu la Die Brücke ku Dresden mu 1905. Awiriwa anakhala mabwenzi ndipo ankajambulira limodzi. Pobwerera kwawo mu 1921, Wiegers anali atasinthiratu kajambulidwe, ndipo chimene anaphunzira sanachibise, anagawana ndi anzake a m'gulu mpaka Groningen inadziwika ndi kajambulidwe kotchedwa expressionism.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. M'kajambulidwe kameneka wojambula salimbana ndi kufanizira chinthu ndendende monga imachitira kamera, koma amafuna kuti woona chithunzi amve zimene iye anamva mumtima pamene ankayang'ana chinthucho. Nchifukwa chake m'zithunzi za Wiegers ndi anzake mumapeza msewu wofiira psuu, mthunzi wa mtengo uli wa pepo, nkhope ya munthu ili ndi mawanga obiriwira, ndipo mizere ya burashi imaoneka poyera mmene dzanja linadutsira, osaisalaza. Ankasakanizanso utoto ndi phula la njuchi kuti usamanyezimire, mtundu uliwonse uoneke wouma ndi wolimba pansalu. Wiegers analinso katswiri wosema chithunzi pathabwa, kupaka inki ndi kudinda papepala, luso limene ndikhulupirira kuti osema ziboliboli athu angalitole msanga chifukwa mpeni ndi mtengo anazizolowera kale. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti a De Ploeg sanapite kukafuna malo okongola kutali. Anajambula minda, matchalitchi a m'midzi ndi mtsinje wa Reitdiep, malo amene anthu ena ankawaona ngati opanda chochititsa chidwi.

Tsono ku Chembe ndinaima pamalo ena pamene mnyamata anayala zithunzi zake pamchenga, atazitsamiritsa ku bwato lakale. Zonse zinali zimene timaziona paliponse kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay: dzuwa likulowa, mlambe wakuda, amayi atatu atasenza mitsuko. Dzanja lake ndi labwino, ndipo ndinamuuza choncho. Nditamufunsa ngati ali ndi zina, anazengereza, kenaka anakatenga kansalu kamene anakapinda n'kukabisa kudenga. Anajambulapo mayi ake ataima pa thandala la usipa lopanda kanthu, m'mawa wina wa mwera pamene bambo ake anachedwa kubwera kuchokera kunyanja. Nyanjayo anaipaka utoto wofiirira, manja a mayiwo anawakulitsa kuposa mutu, ndipo nkhope inali yotuwa ngati phulusa. Anandipepesa kuti chithunzicho n'cholakwika, popeza nyanja sikhala yofiira ndipo alendo sangachigule. Ine ndinachiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa pa zonse zimene anandionetsa, chokhacho n'chimene chinandiuza za moyo wa pa Chembe. Mnyamatayo sanamvepo za Wiegers kapena Kirchner, koma anafika yekha pamene iwo anafika, ndipo panalibe womuuza kuti sanasochere.

Sindikunyoza ojambulira alendo, pakuti munthu ayenera kudya ndipo penti ndi wodula. Komanso sindikunena kuti tizitengera Azungu. Masiki a gule wamkulu anayamba kalekale kukulitsa maso ndi pakamwa kuti aonetse khalidwe la munthu, ndipo Kirchner mwiniwakeyo anaphunzira zambiri poyang'ana zosema za ku Africa ndi za kuzilumba za Pacific m'nyumba yosungira zinthu zakale ku Dresden. Chimene ndikutolapo pa Wiegers n'chakuti anali ndi anzake omuonera ntchito, omudzudzula ndi omulimbikitsa, ndipo mutu umodzi susenza denga. Iye anasamukira ku Amsterdam mu 1934, anakhala mphunzitsi pa sukulu ya zaluso ya Rijksakademie mu 1953 ndipo anamwalira mu 1959, koma gululo linapitirira, ndipo lero zithunzi zawo zikusungidwa ku Groninger Museum, m'dera lomwelo limene anazijambulira.

Pempho langa likupita kwa ojambula a m'boma lino, a ku Makawa, a ku Malindi, a ku Namwera ndi a pa boma pomwe, kuti apange gulu lawo, azikumana ngakhale kamodzi pamwezi ndi kuonetsana zithunzi zimene amabisa kudenga zija. Ndikupemphanso oyang'anira Lake Malawi Museum kuti aganizire zopereka khoma limodzi kwa gulu lotere kamodzi pachaka, ndipo inu Akonzi mutumize mtolankhani wanu akadzaonetsa koyamba. Ine ndili ndi matabwa angapo ndi inki yodindira, ndipo ndine wokonzeka kuonetsa aliyense wofuna mmene amasemera chithunzi chodinda Loweruka lililonse.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mangochi