Zikomo chifukwa cha mmisiri wanu uja anafunsa za filiji

Kwa Bwana Oyang'anira Ntchito,
Kampani yoyeza ndi kukonza mawaya a magetsi.

Bwana,

Ndikudziwa kuti makalata ambiri ofika pa tebulo lanu amakhala a madandaulo, ndiye khazikani mtima pansi, ino ndi yothokoza. Ine si munthu wolembalemba makalata. Koma sabata yonseyi aliyense wobwera pakhomo pano ndakhala ndikumufotokozera nkhani imodzimodziyi, mpaka mwana wanga wamkazi wachita kundiuza kuti, "Amayi, m'malo motitopetsa ife, bwanji osangowalembera eni akewo?" Ndiye ndagwira cholembera.

Mundilole ndiyambire kutali pang'ono, apo ayi mudabwa kuti mayi ameneyu akukondwera chiyani ndi ntchito imene kwa inu ndi ya tsiku ndi tsiku.

Kwa chaka ndi miyezi ingapo, mpopi wa kubafa kwathu unkaluma. Ukaugwira ndi manja onyowa unkamva ngati nyerere zikuyenda m'zala, ndipo ukakhala ndi kabala ndiye unkachita kudumpha. Tinazolowera. Tinkatsegula madzi ndi kansalu kouma, zidzukulu tinaziphunzitsa kuti kubafa salowa opanda masilipasi, moyo n'kumapitirira. Ndikakumbukira lero ndimachita manyazi, chifukwa tinasandutsa ngozi kukhala lamulo la pakhomo. Kuwonjezera apo, bureka ya masoketi, kaswitchi kaja kodula magetsi kokha katundu akachuluka pa waya, inkagwa pafupifupi madzulo alionse, makamaka wina akayatsa ketulo kwinaku wina akusita.

Sikuti tinangokhala osafuna thandizo ayi. Woyamba amene tinamuitana anabwera ndi sikuludiraiva ija yoyaka kababu kumapeto, ndi tepi yakuda m'thumba la buluku, basi. Anaigusitsa pa mpopi, kababu sikanayake, n'kundiuza kuti, "Mayi, apa palibe vuto, mwina ndi magazi anu." Magazi anga! Ndinamulipira ndithu, pondiuza kuti vuto ndi magazi anga.

Wachiwiri ndi amene amandiwawa kwambiri, chifukwa ndinamuyamikira. Anayang'ana m'bokosi la mabureka, n'kunena kuti kabureka kameneka n'kofooka, kakufunika kamphamvu. Anachotsa ka ma amp 20 n'kuikapo ya ma amp 40. Kuyambira tsiku limenelo sinagwenso, ndipo ine ndinauza anzanga awiri kuti ndapeza katswiri, n'kuwapatsa nambala yake. Patapita miyezi ingapo, pabalaza panayamba kumveka kafungo ngati ka pulasitiki wopserera, kamene kankabwera n'kutha, ndipo tinkangokankhirana kuti wina waiwala chinthu pamoto.

Wachitatu sindikhalitsapo. Anatenga ndalama zogulira zipangizo Lachiwiri, nati abwera Lachinayi. Foni yake mpaka lero imati sakupezeka.

Ndinapitanso ku ofesi ina imene anthu anati ingandithandize kudziwa amisiri ovomerezeka. Sinditchula dzina lake, eni ake akudzidziwa. Maulendo atatu ndinakhala pa benchi yawo. Ulendo woyamba amene amaona zimenezo anali atatuluka, wachiwiri anali pa msonkhano, wachitatu ndinauzidwa kuti ndilembe kalata. Mtsikana wa pa desiki sanadzutse n'komwe maso pa foni yake.

Choncho tsiku limene ndinaimba kwa inu, Bwana, ndinali nditamanga kale nsalu m'chiuno, wokonzekera nkhondo. Mayi amene anayankha anandifunsa mafunso angapo, n'kundipatsa tsiku ndi ola. Anandiuzanso kuti mpaka tsikulo giza yotenthetsera madzi osamba tiizimitse ndipo tisaiyatsenso, komanso kuti tisunthe mipando yotchinga masoketi. Giza tinazimitsadi, koma mipando sindinasunthe. Ndinati m'mtima, ndivutikirenji ndi anthu oti sabwera. Ola litakwana ndinangomva odi pakhomo, ine ndili ndi tsache m'manja.

Anabwera awiri, wachikulire ndi wachinyamata. Ndisanafunse kanthu, wachikulireyo anatulutsa chiphaso chake ndi laisensi ya ntchito, n'kundipatsa m'manja kuti ndiwerenge ndekha. M'zaka zonsezi sizinandibwerere m'mutu kuti munthu wogwira mawaya a m'nyumba mwanga ndingamufunse pepala, ndipo mwa atatu aja palibe anandionetsapo.

Koma amene ndalembera kalatayi ndi wachinyamatayo. Dzina lake muli nalo pa fomu ya ntchito ya tsikulo. Ine sindilitchula pano, sindinamupemphe chilolezo.

Ali pafupi kuzimitsa magetsi a nyumba yonse, dzanja lili kale pa switchi yaikulu, anaima n'kutembenuka. Anati, "Amayi, ndisanazimitse, kodi m'nyumba muno muli chinthu chimene sichifunika kukhala nthawi yaitali popanda magetsi? Mwina mankhwala, kapena makina a munthu wodwala?"

Ndinasowa chonena. Amuna anga ali ndi matenda a shuga, ndipo insulin wawo amakhala m'filiji, chifukwa amayenera kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. M'mawa wonse umenewo nkhawa yanga inali imeneyo, koma ndinachita manyazi kuitchula. Ndinaganiza kuti andiona ngati mayi wovuta, wofuna kuphunzitsa anthu ntchito yawo. Ndipo nayu mwana wa eni ake akundifunsa yekha.

Atamva, sananene zambiri. Anakambirana pang'ono ndi mnzake wachikulire uja, n'kusintha dongosolo la ntchito yawo yonse kuti ayambire mzere wa mawaya wopita kukhitchini. Anandipempha kuti chitseko cha filiji chisatsegulidwe mpaka atandiuza, ndipo anamatapo kapepala kuti zidzukulu zione. Mbali imeneyo atamaliza kuiyeza, anabwezerako magetsi, n'kubwera kudzandiitana kuti ndidzamve ndekha kuti filiji yayamba kulira. Kenako anapita pamene amuna anga anakhala, ananjuta pafupi nawo, n'kunena kuti, "Bambo, mankhwala anu ali bwino, musade nkhawa." Amuna anga ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo chiyambireni kudwala amaona ngati alendo amawadutsa ngati mpando. Madzulo ake anandifunsa kawiri konse kuti mnyamata uja ndi mwana wa ndani.

Mwina kwa inu ndi funso limene mumawaphunzitsa onse. Ngati ndi choncho, pitirizani. Koma mafunso ophunzitsidwa ndimawadziwa mmene amamvekera, ndawamva pa madesiki ambiri, ndipo ili silinamveke choncho. Anadikira yankho.

Zimene anachita maola otsatirawo sindinganame kuti ndinazitsata zonse. Anazula chilichonse m'masoketi, ankalumikiza kamakina kawo apa ndi apo, wina akuitana manambala wina akulemba. Anakwera kudenga, anatuluka panja kukakumba m'mbali mwa khoma. Chimene ndinagwira n'chakuti kamakinako kamatumiza mphamvu ya mavoti 500 m'mawaya magetsi ali ozimitsa, kuti aone ngati chikopa cha waya chikutayitsa, ndipo n'chifukwa chake TV ndi zina zonse anayamba wazizula. Anati pa nyumba ngati yathu nambala yake isatsike pansi pa megaohm imodzi. Mawu amenewo ndinachita kumupempha kuti andilembere.

Atamaliza anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati munthu wamutu wake. Nkhani ya mpopi inali iwiri. Chitsulo chotenthetsera madzi m'kati mwa giza chinali chitawonongeka, ndipo magetsi ankathawira m'madzi. Pa nyumba yabwino magetsi othawa chonchi amayenera kutsata waya wa earth, uja wobiriwira ndi chikasu, n'kupita pansi. Wathu anali ataduka kalekale, atadyeka ndi dzimbiri pamene amalumikizana ndi chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Ndiye njira imene inatsala inali ife. Anandionetsa chidutswa cha wayayo, chikungofumbutuka m'zala. Sikuludiraiva ya kababu ija, anati, singakuuze zimenezi. Ntchito yake yaikulu n'kungosonyeza kuti waya uyu ali ndi moto, ndiponso nthawi zina imanamiza.

Za bureka ndiye zinandiziziritsa nkhongono. Ine ndinkaganiza kuti bureka ikamagwa ndiye kuti yatha. Iye anati ayi, ikamagwa ndiye kuti ikugwira ntchito yake, chifukwa imateteza waya kuti asanyamule katundu womuposa. Amene anaika giza yathu anaimangirira pa mzere womwewo wa masoketi, m'malo moipatsa mzere wakewake. Giza ya mawati 3,000 payokha imakoka ma amp pafupifupi 13, ndiye mukawonjezerapo ketulo ndi ayironi, bureka ya 20 iyenera kugwa basi. Waya wa masoketiwo ndi wa saizi ya 2.5, ndipo sanapangidwe kuti azinyamula ma amp 40. Katswiri wanga uja anangotseka pakamwa mlonda, akuba n'kumalowa. Atatsegula soketi ya kuseri kwa kabati, pulasitiki yake inali yakuda, itasungunuka mbali imodzi, ndipo kabatiyo ndi yamatabwa, yodzaza ndi mabuku a ana. Ndinatuluka panja kaye.

Anapezanso kuti kuchipinda kwa mdzukulu wanga switchi ya getsi inalumikizidwa pa waya wolakwika. Mmalo modula waya wamoto, uja wofiira kapena wabulauni, inkadula mnzake. Babu linkazima ndithu, koma mmene limalowamo munkakhala moto. Mwanayo ali ndi zaka 14 ndipo ndi amene amatisinthira mababu nyumba yonse, popeza ndi wamtali.

Pa zonsezi, Bwana, sanandinyoze ngakhale kamodzi. Ndinadikira mawu aja akuti "munalemba ndani ameneyu?" kapena "mukanakonda zotchipa mukanafa", amene amisiri ena amayambira asanatsegule n'komwe chikwama. Ndinadzitsutsa ndekha kuti safunsa anadya phula, iye n'kungoseka pang'ono, nati anthu ambiri sadziwa kuti pali choti afunse. Za anzake aja sananene choipa. Zoipazo ndikunena ndine.

Ntchito yokonza inatenga tsiku lina lathunthu, ndipo anandilembera kaye zonse papepala asanagwire kanthu. Giza ili ndi mzere wake tsopano, earth ndi watsopano, bureka yabwerera pa mlingo wake. Anaikanso chinthu chimene m'nyumba muno munalibe chimangidwire, chotchedwa RCD. Mmene ndinamvera, chimayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo chikaona kuti pang'ono pokha pasowa, ma milliamp 30, chimadula nthawi yomweyo, chifukwa osowawo mwina akudutsa m'thupi la munthu. Bureka wamba sangamve kanthu kochepa choncho, pamene mtima wa munthu umamva. Anachiyeza ndi kamakina kaja pamaso panga, n'kundionetsa nambala, nati lamulo lake n'lakuti chisapitirire mamilisekondi 300. Chathu chinagwa ndisanaphethire.

Apa ndi pamene anachita chinthu chachiwiri chimene sindidzaiwala. Pa RCD pali kabatani kolembedwa T. Anandiuza kuti pakapita miyezi ingapo ndizikadina, kuti ndione ngati chikugwabe. Ndinati chabwino, ndidzauza mwana wanga. Iye anati, "Ayi amayi, dinani inuyo." Ine bokosi limenelo ndakhala ndikuliopa ngati muli njoka. Anaima pambali panga osandifulumizitsa, mpaka ndinatambasula chala. Nyumba yonse inangoti zii. Kenako anandionetsa mobwezera, n'kundiuza kuti ndibwereze ndekha iye ataika manja kumbuyo. Ataona kuti ndikutsinzinira maso pofuna kuwerenga timalemba ta pa mabureka, anatulutsa cholembera chakuda chija chokhuthala n'kulemba pansi pa iliyonse ndi zilembo zikuluzikulu: KHITCHINI, GIZA, MASOKETI, ZIPINDA, PANJA. Pa ya khitchini anawonjezera mawu akuti FILIJI, n'kudula mzere kunsi kwake. Zimenezi sizinali pa pepala la ntchito, ndinayang'ana.

Satifiketi inafika patapita masiku awiri, ili ndi manambala onse amene anayeza, siginecha ndi nambala ya laisensi. Ndaiika pamodzi ndi mapepala a nyumba. Anzanga awiri aja ndinawapatsa nambala ya katswiri wa bureka ya 40 ndawayendera kale kukapepesa, ndipo mmodzi wanena kuti nayenso yake inasiya kugwa atabwera munthu yemweyo. Mumva foni yake sabata ino, chonde musamuchedwetse.

Sindikudziwa mmene mumayamikirira antchito anu kumeneko. Ndikungopempha kuti kalatayi isathere mu fayilo. Muitaneni mnyamatayo, mumuwerengere pamaso pa anzake, ndipo nthawi yokweza anthu ikadzafika mudzakumbukire. Muthokozenso mayi wa pa foni uja ndi bambo wachikulire amene anakwawa kudenga kuli dzuwa loswa mtengo. Ndipo ngati mumakumana ndi a maofesi ena aja pa misonkhano yanu, popeza misonkhano ndi imene amaikonda, mungawabwereke kalatayi awerengeko.

Mumuuzenso kuti cholembera chake chakuda chija anachiiwala pamwamba pa filiji. Amuna anga achisunga m'thumba la jekete lawo, ndipo akuti sapereka kwa wina aliyense koma mwini wake.

Ine wanu wothokoza,
Mayi wa nyumba ya mpopi woluma uja.