Mukalemba za Thailand musaiwale Chiang Rai

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaulepo pang'ono za tsamba lanu la zokopa alendo. Mukati mulembe za Thailand timangoona mchenga wa ku Phuket ndi nyumba zosanja za ku Bangkok basi, ngati dziko lonselo ndi gombe. Chonsecho kumpoto kwenikweni kuli chigawo cha Chiang Rai, chamapiri, chochita malire ndi Myanmar komanso Laos, ndipo kwa ine nkhani ili kumeneko.

Ambirife tinakuona pa TV mu 2018 osadziwa kuti ndi komweko. Paja anyamata 12 a timu ya mpira ya Wild Boars ndi kochi wawo analowa m'phanga la Tham Luang pa 23 Juni, mvula inagwa madzi n'kutseka njira, anakawapeza pa 2 Julaye onse ali moyo ndipo omaliza anatuluka pa 10 Julaye. Bambo Saman Kunan, omwe kale anali msilikali wa pamadzi, anafera mkatimo atakasiya mabotolo a mpweya, pano chifanizo chawo chili pafupi ndi phangalo ndipo anthu amapita kukaona malowo.

Koma chomwe ndikufuna mulembe kwambiri ndi mapiriwo. Dera limeneli ndi lija amati Golden Triangle, pomwe mtsinje wa Ruak umathira mu Mekong ndiye munthu ukaima pamenepo ukuona maiko atatu nthawi imodzi, ndipo kale linkatchuka ndi opium, mbewu yopangira mankhwala ozunguza bongo, anthu a m'mapiri monga a Akha ndi a Lahu ankalima mbewu imeneyi poti panalibe china chowapatsa ndalama, mitengo n'kutha pululu. Mu 1988 mayi ake a Mfumu Bhumibol, a Srinagarindra, anayambitsa ntchito paphiri la Doi Tung, anadzalanso nkhalango n'kuwapatsa anthu khofi ndi makadamiya kuti azilima m'malo mwa opium uja. Sanangowaletsa ayi, anawapezera chogwira. Lero alendo amakwera kukaona dimba la maluwa la Mae Fah Luang ndi nyumba yomwe mayiwa ankakhala, n'kumwa khofi wolimidwa pomwepo.

Ku Doi Mae Salong nakonso nkhani yake ndi yodabwitsa. Mudziwo unakhazikitsidwa ndi asilikali a chipani cha Kuomintang omwe anathawa ku China atagonja mu 1949, anayamba akhala ku Burma, lomwe pano ndi Myanmar, kenako n'kudzafika paphiri limeneli, mpaka pano kumeneko amalankhulabe Chitchaina cha ku Yunnan. Minda ya tiyi wa oolong yakuta zitunda ngati mmene kumaonekera ku Thyolo, kungoti iwo mlendo amamukhazika pansi kumulawitsa tiyi asanagule.

Za akachisi ndiye zilipo zambiri. Mzinda wa Chiang Rai anauyambitsa ndi Mfumu Mangrai mu 1262, si wa dzana ayi, ndipo amati chifanizo chobiriwira cha Buddha chotchedwa Emerald Buddha, chomwe pano chili ku Bangkok, chinapezeka kumeneku mu 1434 mphenzi itang'amba nsanja ya kachisi. Wotchuka pano ndi Wat Rong Khun, woyera mbee, wokongoletsedwa ndi tizidutswa ta galasi, anayamba kumumanga ndi katswiri wojambula Chalermchai Kositpipat mu 1997 ndi ndalama zake. Polowa umawoloka kamlatho pansi pake pali manja ambirimbiri otukula m'mwamba ngati a anthu ali pamoto. Ndi wokongola zedi koma ine ndimaona ngati ma selfie achulukitsa kuposa mapemphero.

Okonda kukwera mapiri muwauze za Phu Chi Fa, thanthwe lomwe lili pamalire ndi Laos, anthu amalawira kudakali mdima kukadikira dzuwa nkhungu itadzadza chigwa chonse kunsi. Muwauzenso zoona pa za nyengo, nthawi yabwino ndi Novembala mpaka Febuluwale ndipo kumtundako kumazizira ndithu juzi ndi yofunika, pomwe Malichi ndi Epulo kumakhala utsi wokhawokha chifukwa chootcha minda ndi tchire, mapiri osaoneka n'komwe, ena mpaka chifuwa.

Chimodzi chokha chonde musatsatse. Kuli timidzi ta amayi a mtundu wa Kayan ovala mikombero yamkuwa m'khosi, ambiri kwawo ndi ku Myanmar anachita kuthawa nkhondo, ndiye mlendo amagula tikiti pageti kuti akawajambule. Ndikudziwa ena anena kuti amayiwo amapezerapo kangachepe pogulitsa nsalu zomwe amaluka, zoona, koma kulipira pageti kuti ukaone munthu mnzako ine sizindikhalira bwino. Mukadzalemba za Chiang Rai chithunzi chimenecho muchisiye, muikepo cha minda ya tiyi, komanso kamapu kuti owerenga aone pomwe chigawochi chili.

Ine wanu,
Wowerenga, Zomba