Kwa Takondwa, za Namawanga ndi matalala

Takondwa mwamuna wanga,

Waswera bwanji kumeneko ku Lilongwe? Ndine agogo ako a ku Lizulu. Ndawauza amayi ako kuti akuwerengere kalatayi madzulo ukatha kudya, TV atazimitsa, chifukwa ndimakudziwa iwe ukakhala pamene paja ngakhale munthu akuitane kasanu sutembenuka. Mawa ndiye ukukwanitsa zaka 7 eti! Ine tsikuli ndinalizunguliza ndi bolopeni pa kalendala ya kutchalitchi ija kuyambira mwezi watha, ndipo m'mawa uliwonse ndikamatsegula wailesi ndimaliyang'ana. Zaka 7, mwana amene ndinkamubereka kumbuyo popita kudimba dzana dzanali.

Ndiyambe ndi nkhuku yako poti ndikudziwa ndi imene ufunse. Namawanga waswa! Unamusiya ali msoti mu Ogasiti muja, pano ndi mayi wa ana 12. Koma si onse ake ayi, tamvera. ANangozo a kutsidya kwa mtsinje, aja anakupatsa nzimbe aja, anandibweretsera mazira 4 a nkhanga. Nkhanga siikhazikika pa mazira bwinobwino, ndiye timaikira nkhuku. Tsono a nkhanga amachedwa, amatenga pafupifupi masiku 28 pomwe a nkhuku ndi 21 basi, ndiye ine ndinayamba kumuikira a nkhangawo m'dengu lakale lija la kukhitchini, patatha sabata ndi pamene ndinamubwezera ake 8 usiku ali mtulo. Onse anaswa sabata imodzi. Tiana ta nkhangato tili ndi timizere pamutu ndi timiyendo tofiirira, ndipo timathamanga iwe, sungatigwire. Namawanga sasankha, akapalasa n'kupeza chiswe amaitana onse.

Lachiwiri lapitali kunagwa matalala. Kodi ku Area 25 anafikako? Kuno kunayamba kuda cha m'ma 2 koloko masana, mitambo ikuchokera mbali ya ku Mozambique, kenako chimphepo, kenako pa malata panayamba kulira ngati anyamata akugenda miyala. Ine ndinali pakhonde, bondo langa lakumanzereli latupa kuyambira sabata yatha ndiye kuthamanga kunalibe. Ndikuyang'ana pabwalo, Namawanga ali patsinde pa mtengo wa mapichesi ndi ana ake onse balalabalala. Akanatha kuthawira pansi pa nkhokwe yekha, ndi pafupi pomwepo, koma anangokhala pansi n'kutambasula mapiko uku akuitana kuti ko ko ko ko. Anapiye anathamangira momwemo mmodzimmodzi. Kamwana ka nkhanga kamodzi kanasokonezeka, kanathawira ku mtondo n'kumangolira kumeneko, ndiye Namawanga anadzuka pang'ono, ana ali m'mapiko choncho, n'kusendera chakomweko akuitanabe mpaka kanabwera n'kulowa. Matalala akumumenya pamsana, ena aakulu ngati nsawawa, iye wangotsinzina mutu waulowetsa m'khosi, osasuntha. Ine mtima unandipweteka mwana wanga. Ndinatenga lichero ndi ndodo ya malemu agogo ako aamuna, ndinatsimphina mpaka pamenepo n'kumuvindikira, ndinanyowa chitenje chonse ndi duku lomwe. Usawauze amalume ako, andikalipira.

Mvula itakata ndinachotsa lichero lija. Kamwendo kamodzi kanali kakusuzumira kunsi kwa phiko, kenako timitu tinayamba kutuluka m'nthenga, ndinawerenga kawiri kuti nditsimikize, 12 onse ouma bwinobwino, wonyowa anali mayi wawo yekha. Ndinamupatsa madeya ambiri tsiku limenelo.

Usiku wake tulo sitinabwere msanga. Ndinakumbuka kuti Ambuye Yesu anayankhulapo za nkhuku, ndiye ndinayatsa tochi ya pafoni n'kufufuza m'Baibulo mpaka ndinapapeza, ndi pa Mateyu 23 vesi 37. Anali kuuza anthu a ku Yerusalemu kuti ankafuna kuwasonkhanitsa monga mmene thadzi limasonkhanitsira anapiye m'mapiko mwake. Vesi imeneyi ndaimva kuyambira ndili mtsikana wa kalasi ku Mlanda, koma Lachiwiri ndi pamene ndinaiona ndi maso. Uwapemphe amayi ako akutsegulire, uwerenge wekha, paja pano ukutha kuwerenga eti? Kodi ku Sande sukulu ukumapita sabata iliyonse? Aphunzitsi ako ndi aja omwe aja? Mukuloweza vesi yanji ya Khrisimasi? Chaka chino akupatsa kukhala m'busa kapena mngelo? Ukadzakhala m'busa ndodo ilipo kuno.

Ndiye pali china chimene chinachitika Lachinayi, ichi ndikuuza iwe chifukwa wakula. Chimanga chakumunda kwathu chinali chitalowa m'tchire, ine ndi bondoli kupalira ndimalephera, ndipo ndinangokhala chete osauza munthu. Sindinapitenso ku Chigwirizano masabata awiri. Ndili pakhonde cha m'mawa ndinangomva nyimbo ikubwera mumsewu, kuyang'ana ndi amayi anzanga a Chigwirizano 9, makasu paphewa, wina wasenza kathumba ka ufa, wina chigubu cha thobwa. Sanakhale n'komwe pansi, anangopemphera choimirira pabwalo pomwepo n'kulunjika kumunda. ANangozo atamva nyimbo anabweranso ndi khasu lawo, chonsecho iwo ndi a Katolika, amasonkhana ku mphakati kwawo, koma anati munda sudziwa mpingo. Pofika 11 koloko munda wonse unali mbee.

Koma amene anali patsogolo penipeni, Takondwa, anali mayi wina amene ine ndinali naye mangawa. Chaka chatha mbuzi zake zinadya chimanga changa mizere itatu, ndinamuyankhula mawu oipa pamaso pa anthu, ndipo kuchokera pamenepo moni wanga unali wa pakamwa chabe. Kutchalitchi timakhala benchi limodzi, Mgonero timadyera limodzi abusa akabwera, koma mumtima ine ndinali ndisanamumasule. Ndiye ndi yemweyo amene anauza anzake kuti agogo aja sakuoneka, tiyeni tikawaone. Anapalira mizere yomwe ija mbuzi zake zinadya. Ine manyazi anandigwira, thobwa linandikanika kumeza. Lachisanu ndinathyola mapichesi m'mbale, ndinayenda pang'onopang'ono ndi ndodo mpaka kwawo, ndinakhala pamphasa n'kunena kuti mundikhululukire anzanga, ndinalakwa. Tonse tinalira, kenako tinaseka, kenako anandiperekeza mpaka pakhomo. Agogo akonso amalakwa mwana wanga, ndipo kupepesa kumawavuta ngati mmene kumakuvutira iwe ukamenyana ndi Chisomo. Kodi mukugwirizana masiku ano? Galimoto ya mawaya ija munabwezerana?

Tsopano funso lalikulu, poti nkhuku ndi yako. Tikadzakolola kumakhala masika kutchalitchi, aliyense amabweretsa zimene Mulungu wamupatsa, wina thumba la chimanga, wina mbatatesi, wina nyemba, wina nkhuku. Ine ndimaganiza kuti mwa ana 12 aja mmodzi akadzakula tidzapereke m'dzina lako. Koma sindingatenge popanda mwini wake kulola. Uganize bwino, usafulumire, ndipo ukavomera udzasankhe wekha ukabwera. Kaja kanathawira ku mtondo ndakasungira iwe, sindinakapatse dzina.

Amayi ako anandiuza kuti unadwala malungo mwezi watha. N'chifukwa chiyani sanandiuze nthawi yomweyo? Ukugona mu neti masiku onse? Usamatulutse miyendo kunja, ndimakudziwa magonedwe ako. Mankhwala unamaliza onse? Ndipo pamsewu paja popita kusukulu uzigwira dzanja la mkulu wako, njinga zamoto za kabaza sizimaona mwana. Dzino lija linali kugwedera linatuluka? Ine ndimakutchula dzina usiku uliwonse ndikamapemphera, ndimayambira iwe kenako Chisomo kenako ena onse, nawenso uzindipempherera bondoli.

Keke ya mawa undisungireko kachidutswa ngakhale kaume. Ine ndakutumizira mbatatesi, mapichesi ndi kabichi mmodzi wamkulu, amalume ako akweza pa minibasi mawa m'mawa pa Lizulu, pamene paja unaima mwendo wina ku Malawi wina ku Mozambique n'kumakuwa kuti uli m'maiko awiri. Mapichesi udye ndi anzako, usabise pansi pa bedi.

Sukulu mukutsekera liti? Ubwere ndi juzi, kuno m'mawa kukumazizirabe mvula ikagwa usiku. Uwauze amayi ako akujambule mawu pa WhatsApp undiyankhe wekha, netiweki ndimakaipeza pachulu paja madzulo.

Ndine agogo ako okukonda,
a ku Lizulu