Kalata ya abusa: Za khansa ya m'mawere ndi mantha okayezetsa

Okondedwa mwa Ambuye, amayi ndi abambo a mpingo wathu kuno ku Dedza,

Mtendere ukhale nanu. Nkhani ya mawere si nkhani imene tinazolowera kuimva kuchokera kwa abusa, ndipo ena muchita nayo manyazi. Ndailemba m'kalata kuti aliyense aiwerenge modekha kunyumba kwake, komanso kuti muwawerengere agogo ndi ena amene satha kuwerenga.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'mayiko olemera, mwa amayi khumi opezeka nayo, asanu ndi anayi amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu. Kwathu kuno si choncho, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atapita kale patali, bere litatupa kapena litachita chilonda. Khansa ndi yomweyo. Chosiyana ndi nthawi imene munthu wafikira kwa dokotala.

Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti chotupa cha khansa chikamayamba nthawi zambiri sichipweteka. Mayi amachikhudza posamba, n'kunena kuti poti sichikuwawa ndiye si kanthu, n'kupitiriza kupalira mbatata kudimba. Miyezi n'kumapita. Amayi anga, musadikire ululu. Mukamva kachotupa m'bere kapena m'khwapa, mukaona khungu la bere lachita timaenje ngati khungu la lalanje, nsonga ya bere yalowa mkati, kapena ikutulutsa magazi kapena madzi pamene simukuyamwitsa, nyamulani buku lanu la kuchipatala sabata yomweyo. Zotupa zambiri za m'mawere sizikhala khansa, koma amene angasiyanitse ndi achipatala, osati ife.

Tsopano za makina amene ambiri mumawaopa, otchedwa mammogram. Ndi ekisire ya bere. Mayi amaimirira, bere amaliika pakati pa timbale tiwiri ta makinawo, n'kulipanikiza kwa masekondi ochepa kuti chithunzi chioneke bwino, kenako n'kujambulanso bere linalo. Kupanikizako sikusangalatsa, ena amamva kuwawa pang'ono, koma kumatha msanga, ndipo zonse zimatenga mphindi ngati makumi awiri. Samabaya, samadula. Mphamvu ya ekisire yake ndi yochepa kwambiri, ndipo kupanikiza bere sikuyambitsa khansa kapena kuifalitsa. Ubwino wake ndi woti amatha kuona kachotupa kakadali kakang'ono koti dzanja silingakamve. Tsiku lojambulitsa musadzole paudala kapena mafuta m'khwapa ndi pachifuwa, chifukwa zimasokoneza chithunzi. Ngati muli oyembekezera, auzeni asanayambe.

Makinawa sapezeka m'chipatala chilichonse. M'dziko muno ndi ochepa ndipo ali m'mizinda ikuluikulu. Choncho poyambira ndi pafupi pomwepa: kuchipatala chaching'ono cha kwanu kapena ku chipatala cha boma cha Dedza, namwino kapena dokotala akakupimeni ndi manja. Akaona chofunika kufufuza, adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene angakujambuleni kapena kutenga kanyama kakang'ono ka chotupacho kuti akakaunike. Akakupatsani kalata yopitira kumeneko, musaisunge m'sutikesi. Ndipo funsani chilichonse chimene simunamvetse. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti mantha enieni sali pa makina. Ali pa zimene makinawo anganene. Ena amati khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Chimene chimachitika n'chakuti munthu wafika mochedwa, matenda atafalikira kale, ndiye akamwalira anthu amaloza opaleshoni. Wofika msanga amakhala ndi mwayi waukulu wochira, ndipo nthawi zina madokotala amangochotsa chotupa chokha osachotsa bere lonse. Ena amati ndi zolodzedwa, n'kutha miyezi akutemera mphini, mbuzi ndi nkhuku n'kuthera komweko. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa miyezi imeneyo ndi imene ikanapulumutsa moyo.

Palinso ena mwa ife amene amaona ngati kupita kuchipatala ndi kuchepa chikhulupiriro. Ine monga mbusa wanu ndikuti ayi. Paulo anayenda ndi Luka ndipo anamutchula sing'anga wokondedwa (Akolose 4:14). Nzeru za dokotala ndi mphatso ya Mulungu. Tidzakupemphererani ndi mtima wonse, koma tidzapemphera muli pa mzere wa kuchipatala. Aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala chifukwa wakusanjikani manja, musamumvere.

Abambo, apa ndi panu. Amayi ambiri amabisa chotupa poopa kuti bere likachotsedwa banja litha. Munalonjeza pamaso pa mpingo kuti mudzakhala nawo pa mtendere ndi pa matenda. Akazi anu akakuuzani kuti amva chachilendo m'bere, pezani ndalama ya minibasi, ngakhale mugulitse thumba la kachewere, ndipo muwaperekeze. Dziwaninso kuti amuna nawo amadwala khansa imeneyi, ngakhale ndi ochepa.

Ndikupempha amayi a Chigwirizano kuti pa msonkhano wanu wotsatira muitane namwino adzakuphunzitseni kudzipima nokha, kamodzi pamwezi, patapita masiku ochepa mutatha kusamba. Amene munasiya kusamba sankhani tsiku limodzi pamwezi. Ngati mayi anu, mchemwali wanu kapena mwana wanu anadwalapo khansa imeneyi, muwauze achipatala. Akulu a mpingo m'milaga yonse, amene watumizidwa ku Lilongwe koma alibe yoyendera kapena womuperekeza, mundidziwitse mwachinsinsi kuti mpingo uthandizepo, ndipo dzina lake lisatuluke pakamwa panu.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.