Mawu akuti kalata sanachokere ku Chingerezi

A Mkonzi,

Mwana wanga wa sitandade 7 anapatsidwa ntchito yolemba mawu amene Chichewa chinabwereka ku Chingerezi, ndipo pa zitsanzo zomwe anakopera pa bolodi panali "kalata". Zimenezi zandikhudza, chifukwa mawuwa sitinawatenge kwa Angerezi ayi. Ndi a Chipwitikizi, carta, monganso nsapato, mbatata ndi kapitawo. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, pamene ulamuliro wa Angerezi kuno unayamba mu 1891.

Komatu nawonso Apwitikiziwo anachita kulandira. Gwero lake ndi Chigiriki, khartes, dzina la pepala lopangidwa ndi gumbwa wa ku Iguputo. Aroma anawatenga n'kumati charta, ndipo kuchokera m'Chilatinimo mawuwa anamwazika ku Ulaya konse, mtundu uliwonse n'kuwapatsa ntchito yakeyake. Mtaliyana akati carta ndiye kuti akunena pepala. Mfalansa akati carte angakhale akunena mapu, khadi, kapena mndandanda wa zakudya mu lesitilanti. Kwa Ajeremani Karte imafika mpaka pa tikiti ya sitima, pamene ku Russia karta ndi mapu. Kwa Apwitikizi carta ndi uthenga wolembera munthu amene ali kutali, ndipo tanthauzo limeneli ndi lomwe linakwera mtsinje wa Zambezi n'kutipeza. Abale athu a ku Mozambique amatchulanso laisensi yoyendetsera galimoto kuti carta.

Chimene chimandisangalatsa koposa n'chakuti mawuwa anatifika katatu. Angerezi anatenga carte ndi charte kwa Afalansa n'kupanga card ndi chart, ife n'kudzalandira khadi ndi tchati. Choncho kalata yochokera kwa amalume ku Joni, khadi ya kubanki, ndi tchati chimene aphunzitsi amapachika pakhoma, onsewa ndi ana a mimba imodzi. Ngakhale Magna Carta, chikalata chimene mfumu John ya ku England inavomereza mu 1215, ndi m'bale wawo.

Sindikudzudzula mphunzitsiyo, poti naye amaphunzitsa zimene anapatsidwa. Pempho langa likupita kwa olemba mabuku a Chichewa: pa mutu wa mawu obwereka, muzisonyeza chiyankhulo chimene liwu lililonse linachokera, Chipwitikizi, Chiswahili, Chiarabu kapena Chingerezi. Mwana wanga ndinamufotokozera madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwake anapita nalo funso kwa aphunzitsi ake.

Kholo lokhudzidwa,
Nsanje