Kalata ya Abusa: Mwana Wobwerera Chimanjamanja

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Landirani moni m'dzina la Yesu Khristu. Mwezi uno tatsanzikana ndi mabanja awiri amene apita kukasaka minda kwina. Komanso anyamata athu ena abwerako ku Joni chimanjamanja, ndipo ndamva kuti manyazi akuwaletsa kulowa m'tchalitchi. Zimenezi zandikumbutsa banja lina la alimi la mumpingo wathu wa Brethren in Christ, banja la a Eisenhower a ku America.

Kholo lawo, Hans Nicholas Eisenhauer, linachoka ku Germany n'kukocheza ku Philadelphia mu 1741. Zidzukulu zake zinalima ku Pennsylvania zaka zoposa 130, zikuyankhulabe Chijeremani pakhomo. Kumeneko n'kumene kunayambira mpingo wathu, ndipo anthu ankautcha River Brethren chifukwa unabadwira m'mbali mwa mtsinje wa Susquehanna. Mmodzi mwa zidzukuluzo, a Jacob Eisenhower, anali mlimi komanso mlaliki. Nyumba yawo ya njerwa ku Elizabethville inali yomweyo yogonamo, yomweyonso yopemphereramo.

Ana atachuluka, minda inachepa ndipo inakwera mtengo, vuto limene ife sitichita kuuzidwa. Choncho mu 1878 a Jacob anagulitsa munda n'kukwera sitima ya pamtunda kulowera kumadzulo, ku Dickinson County m'chigawo cha Kansas. Sanapite okha ayi. Ananyamuka ndi mabanja ena a mumpingo, ndiponso anatenga bambo awo okalamba, a Frederick, a zaka zopitirira 80. Ine mfundo imeneyi imandikhudza: sanasiye nkhalamba, sanasiyenso mapemphero. Inu amene mukusamuka, musanafunse za nthaka ndi mvula, funsani kuti Lamulungu mukasonkhana ndi yani.

Ku Kansas zinawayendera. Mipingo ya kumeneko ndiyo inadzatumiza a Jesse Engle ndi anzawo, amene anatsegula mishoni ya Matopo ku Zimbabwe mu 1898, ndipo kuchokera ku Matopo mayi Frances Davidson anakayambitsa Macha ku Zambia mu 1906.

Koma amene ndikufuna mumuone bwino ndi David, mwana wa a Jacob. Iyeyu khasu sankalifuna. Atakwatira Ida Stover mu 1885, bambo ake anamupatsa munda wa maekala 160 ndi madola 2,000. Iye anapinyolitsa mundawo n'kutsegula sitolo m'tauni yotchedwa Hope. Pofika 1888 sitoloyo inagwa. Munda wapita, ndalama zapita. Anatsikira ku Denison, ku Texas, kukagwira ntchito yotsuka mainjini a sitima pa malipiro ochepa, ndipo n'kumeneko kunabadwira mwana wake wachitatu, Dwight, pa 14 Okutobala 1890.

Abale anatani naye David? Anamuitana kuti abwerere. Mu 1892 anafika ku Abilene, ku Kansas, ndipo mlamu wake anamupezera ntchito pa Belle Springs Creamery, fakitale ya mkaka ya anthu a mumpingo. Anagwirapo zaka zambiri, nalera ana aamuna asanu ndi mmodzi. Dwight uja anadzakhala msilikali wamkulu, kenako pulezidenti wa America kuyambira 1953 mpaka 1961, ngakhale mayi ake, amene ankadana ndi nkhondo, analira tsiku limene ananyamuka kupita kusukulu ya usilikali ku West Point mu 1911. Koma za upulezidentizo zisakutengeni mtima. Amene anapatsa David ntchito ankangoona mbale wawo wosowa pogwira, ndi kamwana koyenda dededede.

Ndisakubisireninso kuti David ndi Ida anadzachoka mumpingo wathu n'kulowa gulu limene pambuyo pake linatchedwa Mboni za Yehova. Kodi abale aja anataya thandizo lawo pachabe? Ine ndikuti ayi. Mbale sitimuthandiza ngati tikumukongoza kuti adzabweze pokhala pabenchi lathu.

Tsono Lamulungu likudzali, mapemphero akatha, ndikupempha akulu a mpingo ndi aliyense amene ali ndi chigayo, dimba, okala kapena shopu ya ukalipentala yofuna munthu kuti mutsalire pang'ono. Anyamata aja ndikawayendera ndekha Lachisanu. Mukakumana nawo panjira, musawafunse kuti abweretsa chiyani. Apatseni moni, muwauze kuti malo awo kukwaya akadalipo.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu