Masheya aja usagulitse

Mwana wanga,

Achemwali ako andiuza zonse, ndipo usawakwiyire. Akuti ukufuna kugulitsa masheya a Airtel aja kuti ndalamazo upereke kwa mnzako uja wa za forex, zogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa foni. Chimvereni nkhaniyi tulo sindikutiona.

Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Malipiro ako ndi omwe aja, koma lendi, shuga ndi mafuta ophikira zakwera zonse. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anangosunga ndalama m'buku la kubanki anasauka wakuba asanalowe m'nyumba. Mantha ako ndikuwamvetsa. Koma chimene ukufuna kuchitachi n'chopusa, ndipo sindikubisira.

Tamvera. Zinthu zikavuta, ine ndimayang'ana kuti anthu asiya kugula chiyani, nanga chimene akulephera kusiya n'chiyani. Nyama amasiya. Nsapato zatsopano amasiya. Nanga mayunitsi? Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amagula bandulo kuti afunse mitengo ku Ntcheu pa WhatsApp asanakwere basi. Agogo ako ndalama ya chigayo amalandirira pa Mpamba kapena Airtel Money. Mayunitsi a magetsi timagulira pa foni pomwepo. Tindalama timeneti n'tating'ono, koma timatuluka m'matumba mwa anthu mamiliyoni tsiku lililonse, kaya Kwacha yagwa kaya yadzuka. Masheya ndinakulembetsera aja moyo wake uli pamenepo.

Airtel inalowa pamsika wa masheya ku Blantyre mu Febuluwale 2020, sheya imodzi pa K12.69. Mwezi wotsatira sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, aliyense ali ndi mantha. Koma m'miyezi yomweyo misonkhano, mapemphero ngakhale mauthenga a maliro zinasamukira pa foni. Ogulitsa chifukwa cha mantha amagulitsa motchipa, ndipo wogula amakhala munthu wodekha amene ankangodikira.

Ukukumbuka nkhunda zako uli Sitandade 6? Inangofa imodzi, iwe n'kugulitsa khola lonse tsiku lomwelo pamtengo wa zitumbuwa, kenako n'kumalira sabata yathunthu. Amayi ako anakuphikira futali kuti utonthole. Mtima wapachala umenewo sunakuchoke, ndiye ukundidetsa nkhawa.

Sindikunena kuti kampani iliyonse ya zamakono ndi yokhalitsa, ayi. Nokia inali m'thumba la aliyense, nanenso ndinali nayo, koma pofika 2014 mbali yake yopanga mafoni inali itagulitsidwa kwa Microsoft. Anthu sanasiye kuimba foni, anangosintha foni yoimbira. N'chifukwa chake ndimakuuza kuti uziwerenga lipoti la pachaka, uone ngongole zawo, uone ngati akugawa phindu kwa eni masheya. Zikaoneka kuti kampani yadwaladi, tidzagulitsa, koma titakhala pansi n'kuwerengera.

Tsono za mnzakoyo. Phindu akulonjezalo likuchokera kuti? Amagulitsa chiyani chimene agogo ako angagule? Umufunse ngati ali ndi chiphaso cha Reserve Bank chosungira ndalama za anthu, ndipo uone mmene nkhope yake isinthire. Zithunzi za ndalama pa Facebook aliyense atha kujambula. Mnyamata ameneyu sindinamukonde chiyambire tsiku lija anabwera pa chinkhoswe chako, nthawi yonse maso ali pa foni, akulu osawapatsa moni. Ukamupatsa ndalama zimenezo sudzazionanso, ndipo mkazi wako ali ndi pakati.

Usagulitse, mwana wanga. Ngati vuto ndi lendi, undiuze ineyo, si zochititsa manyazi. Tili ndi matumba a chimanga amene tingagulitse, ndipo amayi ako avomera kale. Ubwere Loweruka ndi mapepala onse a masheyawo, ubwere ndi apongozi athu tidzawaone. Usanabwere usasaine chilichonse.

Ndine bambo ako.